Kabini ka Pakona

Ndinali pakhonde kusankha mbatata ya kachewere yokabzala kudimba, yotuluka maso m'lichero, yofota m'ndowa ya nkhumba, pamene mwana wanga Pilira anafika kuchokera kuchigayo. Anayamba kulankhula thumba la ufa lidakali pamutu.

"Amayi, mwamva za kompyuta yanu ija?"

"Ndinagula liti kompyuta ine? Tula kaye, khosi lingathyoke."

Anatula. Anati a Zikhalo, mphunzitsi wa makompyuta ku sekondale, anapempha kulowa m'chipinda chosungira katundu wakale kumishoni. Kuseri kwa mabenchi othyoka anapeza kompyuta imene tinkagwiritsa ntchito mu ofesi ya parishi zaka makumi atatu zapitazo. Anaipukuta, anasintha kabatire kena mkati, ndipo inayaka. Lachisanu kudzakhala chionetsero, makolo onse aitanidwa.

"Ndiye aitana azakhali a Rute kuti akalankhule," anatero Pilira. "Alemba ndi pachipata pomwe. Akuti mayi woyamba kugwiritsa ntchito kompyuta kuno."

Ndinatola mbatata ina, ndinaiyang'ana nthawi yaitali, kenako ndinaiponya m'ndowa ya nkhumba. Inali yabwinobwino. Pilira anaitulutsa mwakachetechete n'kuiika m'lichero.

"Woyamba," ndinatero.

"Ndi mmene alembera."

"Kalowetse ufawo, nkhuku zayamba."

A Rute ndi alamu anga, mkazi wa malemu mchimwene wanga Yohana. Kwawo ndi kwa Kaphuka, kwathu kuno anabwera ngati mtengwa. Pamene ankafika, ine n'kuti nditagwira kale ntchito mu ofesi ya parishi zaka zisanu ndi zitatu. Ndinayamba ndi taipilaita. Kenako kunabwera kompyuta yoyamba, ya galasi lakuda ndi zilembo zobiriwira. Imeneyo inalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Ukafuna kanthu unkachita kuilembera lamulo m'Chingerezi, ndipo ukaphonya kadontho kamodzi inkangokukanira. Bambo mfumu a nthawi imeneyo ankaiopa. Ine ndinalemba malamulo onse m'kope la chikuto chofiira, ndinawaloweza ngati katekisimu, mpaka zala zinkapita zokha.

Ntchito itachuluka, ndine ndinapempha kuti alembe alamu anga. Ankataipa ndi zala ziwiri ngati nkhuku yojompha mphale. Ndine ndinawagwira manja n'kuwaika pa mabatani. Izi sindinkazinena kwa munthu. Ndinkangozidziwa, ndipo ndinkaganiza kuti mudzi wonse ukuzidziwanso.

Madzulo a tsiku limene Pilira anabwera ndi nkhaniyi, alamu anabwera okha, atanyamula mbande za anyezi zokulunga m'tsamba la nthochi. Ndi khalidwe lawo. Sangadutse pakhomo panga chimanjamanja. Akapita kuchipatala amandibweretsera mafuta opaka mawondo osawatuma. M'tchalitchi amaika nsalu yawo pa benchi kundisungira malo akutali ndi chitseko, poti amadziwa kuti mphepo ya ku Chongoni imandilowa m'mafupa.

"Odi, alamu. Anyeziyu wandichulukira."

"Chaka chilichonse amakuchulukirani. Bwanji osafesa wochepa?"

"Ndikafesa wochepa mudzadya chiyani inu, aulesi inu?"

Anakhala pamkeka n'kuyamba kundithandiza kusankha mbatata. Manja awo ndi achangu mpaka lero.

"Mwamva zoti andiitana?"

"Ndamva kuti mwasanduka nduna."

"Nduna yopanda mano. Ine ndinawauza aphunzitsi aja kuti kunali ina kale, yakuda ija. Akuti imeneyo sanaipeze, ndipo phunziro lawo ndi la iyi ya zithunzi ndi mbewa. Tipitire limodzi. Kope lanu lofiira lija mukadali nalo? Ana angakonde kuliona."

"Linadyedwa ndi chiswe."

Anandiyang'ana pang'ono, kenako anayang'ananso mbatata. "Chiswe cha kuno n'chophunzira," anatero.

Kopelo linali m'sutukesi pansi pa bedi, lokulunga m'pulasitiki, lopanda ndi kabowo komwe.

Atapita ndinatenga kolona kuti ndipemphere dzuwa lisanalowe, monga ndimachitira. Pakamwa pankanena Tikuoneni Maria, koma mutu unali mu ofesi ija.

Kompyuta yachiwiri inabwera mu 1996, mphatso yochokera kwa akhristu a kunja. Ataiyatsa, galasi lonse linawala mitundu. Panali timapepala, timafoda tachikasu, ndi kabini kotayiramo zinyalala pakona. Pambali panali kanthu kokwana m'dzanja, ka chingwe kumbuyo, kamene amati mbewa. Ukakasuntha patebulo, kamuvi kankayenda pagalasi. Bambo mfumu anati, "Tsopano kuloweza kwatha. Mukafuna chinthu, mungochiloza n'kugogoda kawiri."

Anandipatsa mpando ine poyamba, poti ndinali wamkulu. Ndinaloza foda, ndinagogoda kamodzi, ndinadikira, ndinagogodanso. Sinatseguke. Ndinayesanso chimodzimodzi. Ine ndinaleredwa kuti ukagogoda pakhomo umadikira kaye eni ake, suchita phaphapha ngati wapolisi. Dzanja langa linkakana kufulumira. Kasanu konse foda ili chitsekere.

Alamu anali ataima kumbuyo kwanga, mwana wawo Funsani kumsana. Anati, "Alamu, musagogode ngati mlendo. Gogodani ngati mvula ikukumenyani kumsana." Anatambasula dzanja pamwamba pa phewa langa, anagogoda, foda n'kutseguka. Bambo mfumu anaseka mpaka kuvula magalasi. Sankaseka mwachipongwe, ndikudziwa. Koma kuyambira tsiku limenelo, akalowa mu ofesi ndi pepala ankati, "Rute ali kuti?"

Ine ndinabwerera ku galasi langa lakuda, kukona, kumalemba makalata a ubatizo. Zaka zonse zimene ndinaloweza, munthu ankangozidumpha ndi chala chimodzi.

Chaka chomwecho Ambuye Episkopi ankabwera kudzapereka sakramenti la Ulimbitso, ndipo panafunika kabuku ka nyimbo ndi mapemphero, masamba makumi anayi. Ntchito ngati imeneyo inali yanga kuyambira kale. Anaipereka kwa alamu. Anaigwira milungu itatu, akuika timitanda ndi timaluwa m'mbali mwa masamba, anthu akulowa mu ofesi kudzangosuzumira.

Lachitatu lina masana anapita kunyumba kukayamwitsa, poti mwanayo tsiku limenelo anamusiya ndi apongozi awo. Kompyuta anaisiya yoyaka. Kugogoda kawiri sindinkatha, koma kukoka ndinkatha, poti anandiphunzitsa okha. Ndinagwira kapepala ka kabuku kaja ndi kamuvi, ndinakakokera pakona, ndinakasiya pa kabini. Inandifunsa m'Chingerezi ngati ndatsimikiza. Ndinavomera. Kanasowa.

Pa kompyuta yanga yakuda, ukalemba lamulo lofufuta, chinthucho kwa ine chinali chitapita basi. Ndinadziwa kuti milungu itatu ya alamu anga yathera pompo, Ulimbitso utatsala masiku anayi.

Mmawa mwake anafika, anakhala pampando, ine msana ndawapatsa. Ndinadikira kulira, kapena kufunsa. Kunali zii, mbewa yokha kumveka kugogoda. Pa nthawi ya tiyi ananditsanulira ine poyamba monga mwa masiku onse. Loweruka kabuku kanatuluka, timaluwa tonse tilimo. Ndinati mumtima, ataipanso masamba makumi anayi m'masiku awiri, osadandaula kwa munthu. Ndinachita manyazi, koma pansi pa manyaziwo panalinso mkwiyo, kuti ngakhale apa andiposa.

Ndinakalapa. Wansembe mlendo amene anandimvera anati, "Mulungu wakhululuka, koma mukamuuze mnzanuyo." Ndinati ndikamuuza. Chaka chotsatira ndinasiya ntchito, ndikunamizira maso. Kenako mchimwene wanga anadwala, kenako mwamuna wanga, ndipo pa maliro onse awiri tinagona pa mkeka umodzi ine ndi alamu. Mpata wonena unkapezeka tsiku ndi tsiku, ine n'kumati mawa.

Tsopano dzina lawo linali pachipata cha sukulu.

Lachisanu kunacha ndi nkhungu. Ndinavala nsalu yanga ya Amayi Akatolika, ndinatulutsa kope lofiira, ndinalibisa pansi pa juzi. Ndinali nditakonza mawu anga. Akamaliza kulankhula, aphunzitsi akafunsa ngati pali wina wa mawu, ndiimirira, ndikweza kopelo, ndinena kuti kusanabwere zoseweretsa za zithunzi kunali kompyuta yofuna mutu, ndipo woigwira ndinali ine. Ndinawabwereza mawuwo njira yonse, pamene alamu ankandigwira chigongono potsika pa mtsetse woterera wa kumunda kwa a Vinsenti.

"Mwatupa bwanji pamimba lero?" anandifunsa.

"Kuzizira. Ndavala ziwiri."

"Zamakona anayi?"

Ndinakokera juzi pansi n'kupitiriza kutsika.

M'holo munadzaza ana a yunifolomu ndi makolo ochepa. Kutsogolo, patebulo loyala nsalu yoyera, panali iyo. Inali itasanduka yachikasu ngati dzino la nkhalamba, yaing'ono kuposa mmene ndinkaikumbukira. Alamu anawatengera ku mpando wa kutsogolo. Asanapite anavula mpango wawo n'kuyala pa benchi yanga, poti inali yonyowa ndi mame olowera pawindo losweka.

A Zikhalo ndi bambo wamng'ono thupi, wolankhula akuyendayenda. Anati kale kompyuta inkangomva mawu olemba, ndipo oidziwa anali ochepa. Ku America, m'zaka za m'ma 1960, anthu ena anapanga kabokosi kathabwa ka timawilo pansi ndi chingwe, n'kukatcha mbewa chifukwa cha mchirawo. Patapita zaka, akatswiri a kampani ina ya makina okopera mapepala anaganiza zojambula tebulo la mu ofesi pagalasi, mapepala ake ndi mafoda ake, kuti munthu asamalowezenso kanthu, azingoloza. Cha m'ma 1984 makina otere anayamba kugulidwa ndi anthu wamba, ndipo kuno anafika mochedwerapo.

"Mafoni amene mumabisa m'masokosi aja," anawauza anawo, "agogo ake ndi awa."

Ana anaseka. Ine ndinaganiza kuti, kani anthuwo anachita kukhala pansi kuyang'ana tebulo ngati langa, n'kupangana kuti ntchito yanga aipepuze mpaka aliyense aithe.

Kenako anaitana alamu. Anaimirira osagwira pepala. Anafotokoza za mlonda wa kumishoni amene atamva kuti bambo mfumu aitanitsa mbewa kuchokera ku Ulaya, anabwera kudzadandaula kuti akanangomutuma iye, kumunda kwake kuli zonona, ndipo sakanalipiritsa ndege. Holo yonse inagwa ndi phwete. Nkhani imeneyo ndine ndinaimva kwa mlondayo, ine n'kuwafotokozera iwo. Ndinakhudza kope pansi pa juzi.

Anakhala pa kompyuta, anagwira mbewa, anagogoda kawiri, zenera n'kutseguka. Ana anawomba m'manja ngati aona matsenga. Mtsikana wina wamtali anakweza dzanja.

"Agogo, nanga kabini ako n'kachiyani?"

A Zikhalo analowererapo. Anati limenelo ndi funso labwino, poti pamenepo ndi pamene opanga aja anaonetsa kuti ankamudziwa munthu. Anapempha mbewa, anapanga kapepala katsopano, anakakokera pakona n'kukasiya pa kabini, ndendende mmene ndinachitira ine. Kanasowa.

"Kapita?" anafunsa.

"Kapita," ana anayankha.

Anagogoda kawiri pa kabini. Kanatseguka ngati foda ina iliyonse, ndipo kapepala kaja kanali momwemo.

"Mu ofesi, ukataya pepala m'bini silipsa," anatero. "Limakhala momwemo mpaka wina akakhuthule kudzala. Ukasintha maganizo umangolowetsa dzanja n'kulitola. Apanso n'chimodzimodzi. Ndipo taonani apa, imalemba ndi tsiku ndi ola limene chinthucho chatayidwa."

Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti kabini kamatseguka. Sindinayesepo, poti kankafuna kugogoda kawiri.

"Mayi, chinakuchitikiranipo?" a Zikhalo anafunsa alamu. "Kutaya chinthu chofunika?"

Alamu anazengereza. Anakonza duku limene linali bwinobwino.

"Kamodzi," anatero. "Kabuku ka Ulimbitso. Ndinafika mmawa sikakuoneka. Mtima unaima. Ndinasuzumira m'kabini, ndinakapeza, ndinakatola. Madzi a tiyi asanawire n'komwe."

"Anataya ndani?" anafunsa mtsikana wamtali uja.

"Iwe, udzakhala loya?" Ana anaseka. "Mbewa zakale zinkaterereka. Dzanja langa lomwe ili."

Sanayang'ane kumene ndinakhala. Anayang'ana mbali zonse za holo kupatula kumeneko, ndipo m'pamene ndinatsimikiza. Makiyi a ofesi tinali nawo awiri tokha, ine ndi iwo. Tsiku ndi ola anaziwerenga mmawa womwe uja, Lachitatu masana, iwo ali kunyumba mwana ali pabere. Anatola kabuku kawo, anatseka kabini, ananditsanulira tiyi.

Ndikanakonda kunena kuti pamenepo mtima wanga unasungunuka. Sunatero msanga. Choyamba kubwera chinali nsanje yomwe ija, yakuthwa kuposa kale. Ine ndinkayesa kuti ndinawavutitsa masiku awiri, kani sindinawavutitse ngakhale mphindi zisanu. Ndinkayesa kuti ndasunga chinsinsi, kani ankandisungira ndi iwo. Anyezi yense uja, mafuta a mawondo, malo a m'tchalitchi, zonsezo ankandipatsa akudziwa. Pa kompyuta anandiposa, ndipo pa Chikhristu chimene ine ndinkadzitama nacho mumtima, ine wa kolona tsiku ndi tsiku, anandiposanso. Ndinayesa kupemphera, mawu amene anabwera ndi akuti, Ambuye, bwanji iwo?

Alamu anali akupitiriza. Anati asanakhale pansi ali ndi chokonza chimodzi.

"Aphunzitsi, pachipata paja mwalakwitsa. Ndinakuuzani koma munali ndi changu. Woyamba si ine. Iyi ya zithunzi ngakhale mbuzi ikhoza kuiphunzira. Kunali ina yakuda bii, yosaseka ndi munthu, imene ansembe omwe ankaizungulira patali. Amene ankailamula ndi alamu anga awo, mayi Magadalena, akhala apowo ngati sakundimva. Ndiwo anandiika zala pa mabatani. Ndinkataipa ngati ndikutola nsabwe."

Mitu yonse inatembenuka. A Zikhalo anagwira pakamwa, kenako anabwera okha mpaka pa benchi yanga, akupepesa, akuti chonde mayi imirirani anawa akuoneni. Ana anayamba kuwomba m'manja, ena kuimba mluzu kumbuyo mpaka mphunzitsi wina anawaloza chala.

Ndinaimirira. Chimene ndinachifuna sabata yonse chinali chitabwera, holo yonse ikundiyang'ana, dzina langa litatchulidwa. Koma chinabwera chochokera m'dzanja lawo, ngati mbande za anyezi. Ndikanangogwada pang'ono n'kukhala pansi, tikanabwerera kunyumba atandigwira chigongono, iwo akudziwa, ine ndikudziwa kuti akudziwa, mpaka mmodzi adzaike mnzake m'manda.

Kuwomba m'manja kunatha. Ine ndinali chiimire.

"Mayi, muli ndi mawu kwa anawa?" a Zikhalo anafunsa.

"Kwa anawa ayi," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndinachita kubwereza. "Kwa anawa ayi. Kwa alamu angawo."

Alamu anandiyang'ana tsopano. Anapukusa mutu pang'ono, kamodzi, mmene amachitira ndikafuna kuyankha munthu pa msonkhano wa mphakati.

"Alamu, tikakambirana kunyumba," anatero. "Anawa ali ndi njala."

"Kunyumba ndakhala ndikupita zaka makumi atatu."

Panja wina ankamenya belu la kalasi ina. Ndinagwira benchi ya kutsogolo kwanga ndi manja onse awiri.

"Mbewa sinaterereke. Mwanena bodza pamaso pa ana chifukwa cha ine. Kabuku kaja ndinataya ndine, mwadala, ndipo ndinkafuna kuti kasapezekenso. Ndinkakuchitirani nsanje. Ndi lero lomwe ndadzuka nayo, ndi pano pomwe ndili nayo, sindikudziwa kuti ichoka liti. Alamu, amake Funsani, ndikhululukireni."